Chimphona cha mu Foni ya Mwabi

Kunali kutatsala masiku anayi kuti mpikisano wa makanema utsekedwe, koma Mwabi analibe ngakhale sekondi imodzi ya kanema. Anzake a mu kalabu ya zojambula pasukulu yawo ku Ndirande anali atapereka kale zawo. Lamulo lake linali losavuta: kanema wa mphindi imodzi, wojambulidwa ndi foni, woonetsa dera lako. Koma chilichonse chimene Mwabi ankajambula, kaya maminibasi pa siteji, kaya amayi ogulitsa tomato, ankachifufuta asanafike n'kunyumba komwe. Zonse zinkamuonekera zozizira, zoti munthu sangaonere kawiri.

Lachiwiri ataweruka, mtima sunali m'malo. Anasesa pabalaza kawiri, anatsegula buku n'kulitsekanso, kenaka anatuluka kupita kwa mchimwene wake Ricky, yemwe ankayendetsa kashopu koseweretsa magemu pafupi ndi msika.

Anapeza anthu ataunjikana pa TV koma palibe amene ankasewera. Ankaonera kakanema kotsatsa gemu yatsopano, kamene iwo ankakatchula kuti treila. Kanayamba ndi mdima. Kenaka phazi limodzi linaponda m'phulusa, fumbi n'kudzuka pang'onopang'ono. Kamera inali pansi penipeni ikuyang'ana m'mwamba, moti munthu amene anatulukirayo anadzaza TV yonse. Nkhope yake sinkaoneka chifukwa dzuwa linali kumbuyo kwake. Mzinda wonse unali wotuwa mbuu, kupatula kansalu kofiira kamene kanakodwa pa waya waminga. Ng'oma inkagunda ngati mtima wa munthu wothamanga, zithunzi nazo zikufupikirafupikira: dzanja, chitsulo, diso, moto. Mwadzidzidzi phokoso lonse linatha. Munthu uja anatukula dzanja, TV n'kuda bii.

Mwabi anaumiriza mchimwene wake kuti akabwereze kasanu, ndipo ulendo womaliza anati azimitse mawu.

"Achimwene, munthuyu sanamenye aliyense. Sanalankhulenso. Nanga ine ndikumuoperanji?"

"Ndi mmene amuikira," anatero Ricky. "Kamera ikakhala pansi, iwe woonera umasanduka kamwana, iye chimphona. Akakubisira nkhope, mutu wako umadzijambulira yoopsa kuposa imene akanakuonetsa."

Za kansalu kofiirako Mwabi anazitulukira yekha. Palibe amene ananena kuti mwini wake anali ndani kapena chinamuchitikira n'chiyani, koma aliyense m'kashopumo ankakhulupirira kuti chimphona chija n'chimene chinamupweteka. Anabwerera kunyumba akuyenda mothamanga, mutu utadzaza zithunzi.

Mawa lake masana anapita kukasaka chimphona chake. Anachipeza kuseri kwa msika, pa kashedi ka a Januario, bambo wachikulire, wamtali ndi wosalankhulalankhula, amene ankasula ndowa ndi mbaula komanso kumata mapoto odontha. Mwabi anawapatsa moni mwaulemu n'kuwapempha kuti ajambule ntchito yawo, ndi za kusukulu. A Januario anaseka, nati m'moyo wawo wonse sanajambulidwepo kanema, ndipo anayamba n'kukonza kolala ya shati lawo.

Mwabi anagona chafufumimba m'fumbi, yunifomu ili m'thupi. Anawapempha kuti aime pamene dzuwa likhale kumbuyo kwawo. Anajambula hamala ikukwera, sizasi yodulira malata ikutseguka, utsi wa makala ukudutsa pankhope pawo. Pochoka anaona kansapato kofiira ka mwana katagwera m'ngalande, patali ndithu ndi shediyo. Anakajambulanso.

Anakonza kanemayo pa kompyuta ya kushopu kwa Ricky. Anachotsa mitundu yonse n'kusiya kufiira kwa kansapato kokha. Anadula paliponse pamene a Januario ankamwetulira. Anaika ng'oma, anafupikitsa zithunzi, ndipo hamala itangofika pamwamba, anadetsa zonse. Ataonera kanemayo, tsitsi linamuyenda. Sanathe kudikira kuti akapereke kwa aphunzitsi a kalabu. Anatumiza kanemayo pa gulu la WhatsApp la kalasi yawo kuti amve zimene anzake anganene.

Anzakewo anamutama mpaka foni inatentha. Ena ankati wamutenga pa intaneti, sizingatheke kuti ndi Ndirande yomweyi.

Lachisanu m'mawa, ali pa mzere wotunga madzi pa kiyosiki, anamva ng'oma ija ikulira m'foni ya mayi wina. Amayi anayi anaweramira fonimo. Kanema anali wake, koma pansi pake wina anali atalembapo kuti: Makolo samalani ndi ana anu, bambo uyu amapezeka kuseri kwa msika. Mayi mmodzi anati ankawakayikira kale, munthu wanji wosacheza ndi anthu. Wina anafunsa kuti mwana wa kansapatoko wapezeka kapena ayi.

Mwabi anasenza ndowa yake isanadzaze n'komwe.

M'kalasi tsiku limenelo sanamve chilichonse. Ankangotulutsa foni pansi pa desiki n'kuibwezanso. Anafufuta kanemayo pa gulu, koma anadziwa kuti anali atafika kale ku Chilomoni, ku Machinjiri ndi kwina kumene iye sanapondeko. Ankadzilimbitsa mtima kuti zitha zokha.

Pa nthawi yopuma anaimitsidwa ndi Joan, mtsikana wa Fomu 2 amene sankadziwana naye kwenikweni. Maso ake anali ofiira. Anati a Januario ndi agogo ake, ndipo ndi amene amamulera. Dzulo madzulo anthu anagenda shedi yawo, amayi anabwera kudzalanda mapoto awo asanamatidwe, ndipo amuna atatu anafika kunyumba kudzafunsa za mwana amene palibe ankadziwa dzina lake. Lero agogo ake sanatuluke m'nyumba.

"Koma ine sindinalembe mawu aja," anatero Mwabi. "Sindinanene chilichonse chokhudza iwo."

"Panalibe chifukwa choti ulembe," anayankha Joan. "Unali utanena kale."

Ataweruka, Mwabi anazungulirazungulira m'njira asanalimbe mtima kukauza mayi ake. Iwo anaonera kanemayo kamodzi, osakalipa. Anangomanga chitenje n'kumuuza kuti atsogole.

Anawapeza a Januario atakhala pa mpando m'nyumba, mawindo ali otseka ngakhale kunja kunkatentha. Mayi ake a Mwabi anapepesa, naye Mwabi anagwada n'kupepesanso. A Januario anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati iwo kanemayo anangomumva kwa anthu, akufuna amuone.

Anagwira foniyo ndi manja awiri, patali ndi maso. Ng'oma inalira m'kachipindamo mpaka zonse zinada.

"Ndiye ameneyu ndine?" anafunsa. "Inenso nditakumana naye panjira ndikhoza kuthawa."

Palibe amene anaseka. A Januario anamubwezera Mwabi foniyo.

"Mwanawe, unati ukufuna kujambula ntchito yanga. Ntchito yangayo ili pati umu?"

Mwabi anangoyang'ana simenti ya pansi, misozi ikugwera pa siketi yake.

Tsiku lomwelo anatenga zonse zimene anajambula, zosadula, zokhala ndi mitundu yake, momwe a Januario ankaseka ndi kumuonetsa mmene amapindira mkombero wa ndowa. Kumayambiriro anadzijambula yekha akutchula dzina lake, n'kufotokoza kuti kansapato kaja anakapeza m'ngalande, palibe mwana amene wasowa, ndipo zoopsa zonse anazipanga ndi iye pa kompyuta. Anatumiza ku magulu onse amene ankawadziwa. Loweruka, iye ndi mayi ake anayenda benchi ndi benchi mumsika akuonetsa anthu. Ena anagwira pakamwa ndi manyazi. Ena anaonera theka n'kubweza foni, akuti ndi wautali. Kanema wachiwiriyu sanathamange ngati woyamba uja.

Aphunzitsi a kalabu anamuuza kuti pa luso lokha, palibe amene akanamuposa. Mwabi anawapempha kuti achotse dzina lake pa mpikisano.

Lolemba a Januario anatsegula shedi yawo. Mwabi podutsa akuchokera kusukulu anawaona atakhala manja ali pamaondo, moto utazima, Joan ali pa benchi pambali pawo. Anthu ankadutsa cha kutsidya kwa njira. Mwabi anathamangira kunyumba, n'kufunsa mayi ake ngati muli chilichonse chodontha m'nyumbamo. Anapeza ketulo yakale imene inali itaponyedwa kuseri kwa kabati.

Anainyamula poonekera, kudutsa nayo pakati pa msika, mpaka kukaipereka m'manja mwa a Januario. Iwo anaitembenuza, anaiyang'anitsa kudzuwa, nati ibwera bwino koma adikire, chifukwa moto uyenera kuyatsidwa kaye. Mwabi anati sakuthamangira kulikonse. Anaima pomwepo, pamene aliyense wodutsa akanamuona.

Makala atayamba kuyaka, Joan, osamuyang'ana, anasuntha chikwama chake pa benchi. Mwabi anakhala pansi. Patadutsa nthawi, mayi wina amene anali ndi poto m'manja anaima kutsidya kwa njira, akuyang'ana atsikana awiriwo ndi bambo amene anaweramira ketulo. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, kenaka anawoloka.