Kompyuta ya ba Jameson

Namukolo ndiye anayamba kuona kuti kompyuta ya ku Chawama yayambanso kuyankha.

Iye pamodzi ndi Chewe, mnzake pa ntchito yojambula mavidiyo a maukwati, analumikiza makompyuta anayi pa intaneti, iliyonse m'komboni yakeyake, poti magetsi sathimira limodzi Lusaka yense. Makinawo ankaitanana pafupipafupi. Imodzi ikakhala chete, enawo ankaiyesa yakufa n'kugawana ntchito yake.

Ya ku Chawama inali kwa ba Jameson, amene anawaphunzitsa kujambula. Inapsa pa mvula yoyamba, mwini wake n'kumwalira asanaikonzetse.

Madzulo amene inayambanso kuyankha, magetsi anali atathima ku Mtendere, kumene kunali shopu ya Namukolo. M'shopu munkangomveka kulira kwa inveta yopatsa kompyuta magetsi a m'batire, ndi jenereta ya kumalo omwera mowa chapatali. Pa sikirini, dzina la kompyuta yakufayo linali kuwala mobiriwira. Chewe, pa foni kuchokera ku Matero, anati ndi uthenga wakale wochedwa m'njira, utha wokha.

Sunathe. Mdima utagwanso mawa lake, makompyuta enawo anasankha ya ku Chawama kukhala mtsogoleri, nayamba kukopera zonse kuchokera kwa iyo. Chewe atatsegula vidiyo ya ukwati wa Emelda, imene banja linkaidikira Loweruka, anapeza mdima wokhawokha ndi mpweya wa munthu wopuma movutikira pafupi ndi maikolofoni.

Onse awiri anapita ku Chawama. Mkazi wa malemu anawaonetsa kompyutayo pansi pa bedi, yofunditsidwa chitenje, yopanda chingwe chilichonse. Aneba anali atayamba kale kunong'onezana kuti m'chipindamo mumamveka kanthu kopota ngati fani ya kompyuta.

"Ine sinigwilako vinthu vao," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Ikayamba kulila, nimagona kwa mlongo wanga."

Kompyuta ya Namukolo yokha ndiyo inali ikadali ndi vidiyo yabwino. Namukolo atafika kushopu kutada, anaizimitsa kuti isakopere mdimawo. Anazula chingwe, anazimitsanso inveta, m'shopu munati zii. Kenako anaimbira Chewe kuti aone ngati enawo aiyesa yakufa.

Pa foni, Namukolo ankamva mpando ukukwekwereza pansi kwa Chewe.

"Ba Namukolo, mwazimya zoona?"

"Chingwe chili m'manja mwanga."

"Yanu ikali kuyankha," ananong'ona Chewe. "Ya ba Jameson yaipatsa nchito, yavomela."