Teleza Abereka Wailesi

Teleza amakhala pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Teleza anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kuti amayi ake adzimve okha pa wailesi.

Amayi a Teleza amathyola tiyi. Amaimbanso kwaya ku tchalitchi. Koma mawu awo, abale, kukoma kwake! Tsiku lina kunabwera anthu a wailesi. Anajambula nyimbo ya kwaya. Amayi ndiwo anatsogolera nyimboyo.

"Mudzaimve Lachitatu, 12 koloko masana," anatero anthuwo. "Tidzaiika kamodzi kokha."

Lachitatu linafika. Kunja kunacha ndi nkhungu. Amayi anabereka dengu lawo la tiyi.

"Amayi, nanga nyimbo ija?" anafunsa Teleza.

"Ine ndikhala ndili kumunda, mwanangu," anatero amayi. "Undimverere iweyo."

Amayi anamwetulira. Koma Teleza anaona kuti mtima ukuwawawa. Amayi analowa m'nkhungu, osaonekanso.

Sukulu inali yotseka. Teleza anakhala m'nyumba. Wailesi inali patebulo. Chingwe chake chinali pakhoma. Wailesi inkaimba, Teleza akuganiza.

"Wailesiyi si yolemera," anatero Teleza. "Ndiwapititsira amayi kumunda!"

Teleza anazimitsa swichi ya magetsi ya pakhoma. Anazula chingwe. Anachigwira mwamphamvu kuti magetsi asatayike. Anatuluka panja pang'onopang'ono. Anatsegula wailesi.

Zii!

"Mayo ine, magetsi atayika," anatero Teleza.

Kenaka anakumbukira. M'kabati munali mabatire awiri atsopano. Amayi anawasungira tsiku lothima magetsi. Teleza anawatenga. Anawaika m'wailesi mofulumira. Sanayang'ane n'komwe. Anatsegulanso wailesi.

Zii!

Anaigwedeza. Zii! Anaiuzira mpweya. Zii! Anainyengerera, "Chonde wailesi, yankhula." Koma wailesi inangoti duu.

Teleza anatenga chitenje. Anabereka wailesi kumsana. Ananyamuka kukafuna thandizo.

Nkhungu inali ikukwera m'mapiri. Tiyi anali wobiriwira mbali zonse. Mame ankanyezimira pamasamba. Dzuwa linkakwera, linkakwerabe. Misozi ya Teleza inkatsika.

Pafupi ndi fakitale panali mtengo waukulu. Pamtengopo panali katungwe wa ana. Patsinde pake panakhala Anti Lilly, mng'ono wa amayi. Anti Lilly amakonza magetsi ku fakitale. Nthawiyi ankapumula, akumwa tiyi.

"Iwe Teleza!" anatero Anti Lilly. "Mwana wabereka uyu wabadwa liti?"

"Si mwana, Anti. Ndi wailesi. Yakana kuyankhula."

Teleza anafotokoza zonse. Anafotokoza za nyimbo. Anafotokoza za chingwe. Anafotokoza za mabatire.

Anti Lilly anaseka mpaka tiyi anatayika. "Magetsi a pakhoma sakhala m'chingwe, mwanawe. Ukazula, basi, athera pomwepo. Nanga mabatirewo unaika bwanji?"

"Ndinangoika," anatero Teleza. "Chingwe chija chimalowa kumbuyo kwa wailesi mbali iliyonse. Ndimayesa mabatirenso ndi chimodzimodzi."

"Ayi, n'zosiyana," anatero Anti Lilly. "Pukuta misozi. Kwera katungwe."

Teleza anatsitsa wailesi. Anakwera katungwe. Anti Lilly anamukankha. Kutsogolo, kumbuyo. Kutsogolo, kumbuyo.

"Tsinzina," anatero Anti Lilly. "Magetsi a pakhoma amayenda chonchi. Kutsogolo, kumbuyo. Kutsogolo, kumbuyo. Amatero mofulumira, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Dzina lawo ndi AC. Alibe mbali imodzi yolowera. N'chifukwa chake chingwe chija sichisankha."

Teleza anatsinzina. Mphepo inamuuzira kumaso. M'maganizo mwake anaona tinyali ting'onoting'ono. Tinali m'mawaya a pamwamba pa tiyi. Tonse tinali pa katungwe. Kutsogolo, kumbuyo. Kutsogolo, kumbuyo. Teleza anamwetulira.

"Tsopano tsika," anatero Anti Lilly. "Taona ngalande iyi. Madzi akupita kuti?"

"Kumunsi," anatero Teleza.

"Akubwerera?"

"Ayi, Anti. Akungopita."

"Magetsi a m'batire ndi otero. Amayenda njira imodzi yokha. Sabwerera. Dzina lawo ndi DC. Iwowa ndiye amasankha mbali."

Teleza anaponya tsamba la tiyi m'ngalande. Tsamba linayandama. Linapita, linapita, linapitabe. Silinabwerere.

Teleza anatsegula kumbuyo kwa wailesi. Anayang'anitsitsa. Batire lililonse linali ndi kamphuno mbali imodzi.

"Anti, taonani!" anakuwa Teleza. "Ayang'anizana mphuno ndi mphuno!"

"Ndiye akutani?" anafunsa Anti Lilly.

"Akukankhana! Ili likuti uku. Ili likuti uko. Palibe amene akuyenda!"

"Wadziwa," anatero Anti Lilly. "Ayenera kutsogozana. Taona chithunzi chili m'katimo."

Teleza anaona chithunzicho. Anachotsa batire limodzi. Analitembenuza. Analibwezera, kuti khe! Anatsegula wailesi.

"Kwatsala mphindi khumi kuti nthawi ikwane 12 koloko," inatero wailesi.

"Yayankhula! Anti, yayankhula!"

Anti Lilly anamuthandiza kubereka wailesi. "Koma tamvera, Teleza. Magetsi a pakhoma ndi amphamvu. Si oseweretsa. Tsiku lina uziitana wamkulu."

"Ndamva, Anti."

"Chabwino. Amayi ako ali ku sikelo, kuseri kwa phiri ilo. Liwiro!"

Teleza anathamanga. Anathamanga pakati pa mizere ya tiyi. Wailesi inkayankhula kumsana kwake. Anadutsa kamlatho. Anakwera chitunda. Miyendo inatopa. Koma Teleza sanaime. Sanabwerere. Anayenda njira imodzi yokha.

Ku sikelo kunali anthu ambiri. Anali pamzere, akuyezetsa masamba. Amayi anali pakati pa mzere. Dengu lawo linali lodzaza.

"Teleza! Kwagwanji?" anafunsa amayi.

Teleza anali wefuwefu. Mpweya unali utamuthera. Anangomasula chitenje. Anaika wailesi pamwamba pa tiyi, posalala ngati tebulo. Anakweza mawu.

Ng'oma inalira. Kenaka panamveka mawu amodzi, okoma, okwera. Anthu onse anatchera khutu. Ngakhale akapitawo anasiya kuyang'ana sikelo. Nyimbo inayandama pamwamba pa tiyi. Inatsikira kudambo. Inakwera phiri.

Amayi anagwira pakamwa. Dengu linatsetsereka mpaka pansi.

"Kodi ameneyu ndine?" ananong'ona amayi.

"Ndinu, amayi," anatero Teleza. "Ndinu amene!"

Nthungululu zinalira. Anzawo anayamba kuvina, madengu ali kumsana. Amayi analira, akuseka. Anakumbatira Teleza mwamphamvu. Manja awo ankanunkhira masamba a tiyi.

"Wailesi yafika bwanji kuno, popanda khoma?" anafunsa amayi.

"Ndabwera ndi DC," anatero Teleza. "AC watsala kunyumba, akusewera katungwe."

Amayi sanamvetse, koma anaseka. Kenaka anayamba kuimba pamodzi ndi wailesi. Teleza anatsamira pachifuwa chawo. Anatsinzina. Anamva amayi awiri akuimba. Ena anali m'wailesi. Ena anali atamufungatira.