Dzina la Purvis Silinatuluke M'nyuzi

Purvis anakumana ndi Ozella pasiteji ya basi, mvula ikugwa. Ambulera yake inali yothyoka, koma pakamwa panali pabwinobwino.

"Chemwali, dzuwa lakuonani, lachita manyazi, labisala!"

"Mabodza amenewa mumagula kuti, achimwene?" anatero Ozella, koma analowa mu ambuleramo.

Pasanathe mwezi tikalata tinayamba kuyenda m'buku la nyimbo kutchalitchi. "Shuga wanga, ngakhale pamoto ndidzaponda nawe limodzi!"

Ozella sanapemphe moto. Anangopempha Lolemba. Tsikulo anthu akuda a m'tauni yathu ya ku Alabama anagwirizana zokaima pamzere kukhoti, kukalembetsa mayina kuti nawonso azivota. Manja m'mbali, osabwezera ngakhale wina akulavulire.

"Ubwera?"

"Ine? Ukandipeza kutsogolo, wokondedwa!"

Koma mtima wa Purvis sunakhale m'malo. Aliyense wolembetsa dzina lake linkatuluka m'nyuzi, ndipo mzungu mwini galaja imene ankagwirako ntchito ankawerenga nyuzi mpaka zamaliro. Ntchito ikatha adzadya chikondi?

Lolemba analowa pansi pa galimoto yopanda vuto lililonse. Nyimbo za pamzere zinadutsa pamsewu, iye ali chagada, akumangitsa nati yomangika kale.

Ataweruka anapaka fumbi nsapato, ulendo kwa Ozella. Anamupeza phewa litatupa ndi chibonga cha wapolisi.

"Sindinakuone, Purvis."

"Anatikankhira kumpanda kumbuyo uko. Taona nsapatozi!"

"Unalemba dzina?"

"Ndi zilembo zazikulu!"

Ozella analira, n'kumupsompsona.

Purvis anakumbukira kuti abwana amawerenga nyuzi. Anaiwala kuti Ozella nayenso amawerenga!

Lachinayi mtsikanayo anatulukira pagalaja, nyuzi ili m'manja. Dona amene Ozella ankamuchapira zovala anali atamuthamangitsa m'mawa womwewo ataona dzina lake m'nyuzi.

"Ndawerenga katatu. Ndayambira pamwamba, ndayambiranso pansi."

"Shuga, osindikizawa amadumpha mizere..."

"Mantha ndikanakhululuka. Tonse tinali nawo. Koma unandisiya ndikupsompsone, Purvis!"

Tikalata tonse timene Purvis analemba pambuyo pake tinabwerera tosatsegula. Mizere ya kukhoti inapitirira, Lolemba ndi Lolemba, anthu akumenyedwa osakweza dzanja, mpaka dziko lonse linaona n'kuchita manyazi. Mu Ogasiti lamulo la kuvota linasainidwa ku Washington.

Purvis anasita suti. Tsopano pamzere panalibe zibonga, ndipo anaimapo monyada ngati lamulolo analemba ndi iye. Patebulo la pakhomo panali Ozella, akuthandiza anthu kudzaza mapepala.

"Ndabwera, mtima wanga! Mochedwa, koma ndabwera."

Ozella anatenga pepala latsopano osadzutsa mutu.

"Dzina?"

"Ozella, ndine..."

"Dzina lonse, bambo. Kumbuyo kwanuko kuli anthu."