Chala cha Malemu Boaz

Ntchito yotsiriza ya Absalom tsiku lililonse inali kusintha bakapu. Ikakwana 17 hours, anzake akamatola zikwama, iye ankalowa m'kachipinda kozizira ka seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse za pantchito, n'kuzula kadisiki kamene kakopera zonse za tsikulo, n'kulumikiza kena. Kampani imene ankagwirako ntchito inali ya mathiraki onyamula kopa wa m'migodi, ku dera lotchedwa Bwana Mkubwa uko, ndipo makompyuta onse a pamenepo ankadalira iye yekha. Ali m'katimo ankamva anthu akuweruka. Aliyense ankadinda chala pa kamakina ka pakhomo, mawu a mzimayi wachizungu n'kuyankha kuti, "Thank you."

Madzulo ena onse atatuluka, chitseko chotseka, kunja kukuchita chisisira, mawu aja anamvekanso. "Thank you."

Absalom anasuzumira m'khonde. Munalibe munthu. Munangodzaza fungo la dizilo losakanikirana ndi la dothi lonyowa, ngati la dzenje longokumbidwa kumene, chonsecho mvula inali isanadonthe n'kamodzi komwe chaka chimenecho. Pagalasi la kamakina panali dzina la amene walowa ntchito: Boaz.

Boazyo anali mlamu wake, mlongo wa mkazi wake Lenia. Anali atamuika m'manda mwezi wathawo, thiraki itagubuduzika naye pamsewu wowongoka wopanda ngakhale kadzenje. Amene anamuitana ku Katete kudzamupezera ntchito anali Absalom. Amene anagwira chala chakecho n'kuchidinda pa makina, uku akumuseka kuti, "Alamu, chala chokhakhala ngati chinangwa ichi makina achikana," analinso iyeyo.

Kale kumigodi munthu ankapatsidwa kachitsulo ka nambala. Akasiya ntchito ankakabweza, akafa abale ankakataya, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero kampani imasunga chala cha munthu. Nanga chala ungachibweze bwanji?

Absalom anachita zonse zimene ntchito yake imaphunzitsa. Lamulo loyamba ndi loti wochoka umufufute tsiku lomwelo, ndipo Boaz anali atamufufuta kale, koma anamufufutanso. Mawa lake dzina linali pomwepo. Anasintha mapasiwedi onse, poganiza kuti pali wina akusewera. Anazula chingwe cha netiweki. Tsiku lina magetsi atathima anachotsanso batire la kamakinako, n'kuima nalo m'manja. Anthu ataweruka, kamakina kakufa kaja kanayankhula mumdima, fungo lija n'kumudutsa pambali ngati munthu wopempha njira.

Gertrude wa ku ofesi ya malipiro anamukokera kuseri kwa kabati.

"Ba Absalom, mwamvanso dzulo?"

"Ndi sisitimu chabe, amayi."

"Sisitimu imatenthetsa injini? Pitani m'mawa mukagwire thiraki imene ili kumpanda ija. Yotentha, matayala matope okhaokha. Dalaivala wake ndani?"

"Musakweze mawu."

"Asanafe alamu anu anafa ena awiri. Mwaonapo abwana akulemba wina m'malo mwawo?"

Ku Twapia, kumene Absalom ankakhala, nkhani inali itafika kale. Azimayi pampopi ankanong'onezana za ndondocha, anthu ophedwa m'matsenga, odulidwa lilime, ogwirira ntchito wolemera osalandira kanthu. Absalom akamadutsa azimayiwo ankadula nkhani, zidebe n'kumasefukira. Mwini kampaniyo anali munthu wofatsa, wopereka moni kwa aliyense. Absalom atamuuza kuti kamakina kawonongeka, afuna kugula kena, iye anamwetulira. "Kasiyeni, mwana wanga. Kakugwira bwino kwambiri."

Koma Lenia sanali woti n'kusiya. Anali ataleka kudya, maso atalowa m'kati.

"Atate a Mwiza, Boaz wabweranso. Dzuwa likamalowa amaima paseri pa mtengo wa mango, atavala ovolosi yake ya kuntchito ija."

"Wanena chiyani?"

"Anene ndi chiyani? Amangotsegula pakamwa, m'kati mulibe kanthu. Ndiye amandionetsa chala." Anamugwira malaya mwamuna wake. "Munamulembetsa ndinu. Mufufuteni mlongo wanga akagone. Watopa, mwamva? Watopa."

Akulu a mpingo anabwera, anaimba nyimbo, anapemphera mpaka mawu kusasa. Madzulo ake Boaz anaima pamtengo paja monga mwa masiku onse.

Atasowa pogwira, Absalom anaimbira Cyril wa ku Parklands ku Kitwe, amene anamuphunzitsa ntchitoyi, yemwenso ankatumiza malangizo pagulu la anthu a makompyuta m'mawa uliwonse. Cyril anaseka mpaka kutsokomola.

"Awe, boyi, mwayamba kuopa makina? Fayilo ya munthuyo yawonongeka, n'chifukwa chake ikukana kufufutika. Ulembe chala china pamwamba pa chakecho, chakalecho chifafanizike, kenako ufufute nambala yonse. Ntchito ya five minutes."

"Chala cha ndani?"

"Chako, nanga cha ndani? Ife timayesera pa ife tokha. Koma makina amenewo salola chala chimodzi kukhala pa manambala awiri, ndiye uyambe wadzifufuta wekha. Ukamaliza udzibwezeretse kuchokera mu bakapu. Bakapu uli nayo, si choncho?"

Bakapu anali nayo. Sanaphonyepo tsiku.

Masana a tsiku lotsatira anthu ali kukadya, Absalom anatsegula dzina lake n'kulifufuta. Linachoka mosavuta, osafunsa n'kawiri komwe. Anatsegula nambala ya Boaz, n'kuika chala chake chachikulu pagalasi. Galasilo linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo anamva ngati kuseri kwake kuli chala china chikukankha, kenako n'kuleka pang'onopang'ono. "Thank you."

Madzulo amenewo anthu ataweruka m'khonde munali bata, mopanda fungo. Atafika kunyumba anapeza Lenia akuphika, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. "Sanabwere," anatero, misozi ikutsika. "Pamtengo palibe munthu. Mulungu akudalitseni, atate a Mwiza." Anadya nkhuku tsiku limenelo. Absalom sanamuuze kuti nambala ija inakana kufufutika. Makina analemba kuti mwini wake akuyembekezeka pa ntchito.

M'mawa anathamangira ku kachipinda ka seva kuti adzibwezeretse. Mu bakapu ya dzana munali aliyense: Gertrude, alonda, osesa. Absalom munalibe. Anayesa ya sabata yatha, ya mwezi watha, ya chaka chatha. Zonse zinkatsegula bwinobwino, koma pamalo pake panali mpata, ngati dzino lozulidwa. Anaimbira Cyril. Foni inayankhidwa, Cyril n'kumangoti, "Halo? Halo? Ndani?" mpaka kudula. Chala chija chinali chitachita dzanzi, ndipo kuzizira kunali kukwera kulowera m'chigongono.

Akutuluka anakumana ndi bwana pakhomo, makiyi a thiraki ali m'manja.

"Mumatha kuyendetsa, mwana wanga?"

"Iyayi, bwana. Ngakhale galimoto yaing'ono sindinagwirepo."

"Palibe kanthu," anatero bwanayo mokoma mtima. "Onse amaphunzira."

Absalom sanadikire kuweruka. Anakwera minibasi, dzanja atalibisa m'thumba, n'kukamuuza Lenia zonse. Mkaziyo sanalire. Anatumiza Mwiza kwa aneba, anatseka chitseko, anatsamiritsako tebulo, n'kukhala pansi pambali pa mwamuna wake. Anamanga chala chija ndi mpango wake wa kutchalitchi, n'kuchifumbata ndi manja onse awiri.

"Simupita kulikonse. Ndakugwirani."

"Nthawi ili bwanji?"

"Musayang'ane."

Kunja ana ankasewera mpira, wina akuitanira makala. Dzuwa linatsika mpaka kufika pansonga za mtengo wa mango. Lenia anayamba pemphero, koma anaima pakati, mphuno itagwira kanthu. Dizilo. Dothi lonyowa. Sizinkachokera pakhomo kapena pawindo. Zinkachokera m'malaya a mwamuna wake.

Pa tebulo foni ya Absalom inawala. Anali ataikonza yekha, kalekale, kuti izimuuza wina akalowa ntchito nthawi yosayenera. M'kati mwa mpango chala chinagwedezeka, n'kudinda chikhatho cha Lenia mwamphamvu, kamodzi.

"Thank you."

"Atate a Mwiza? Ndiyankheni!"

Absalom anatsegula pakamwa kuti amuuze kuti asaope. Simunatuluke mawu.