Phukusi Lomwe Mayi Sanamasule

Sellina anabwerako yekha kubwalo la ndege. Sanavule jekete. Anangolowera kuchipinda chaching'ono chomwe anakonzera mayi ake m'nyumba yawo ya ku Aston, nakhala pabedi atagwira mimba yake yomwe inali itatopa kale. Bulangete latsopano linali chiyalire, hita ikufunditsa chipinda chopanda mlendo.

Mwamuna wake, Frackson, yemwe m'mawawo anati sangapite nawo chifukwa cha shifiti, anaima pakhomo. Kumbuyo kwake kunali mlongo wake Anastasia, amene anachokera ku Oldbury ndi mandasi odzalandirira apongozi.

"Amayi ali kuti?" anafunsa Frackson, koma maso ali pansi.

"Akuwabweza," anatero Sellina. "Akwera ndege ya masana ano."

Mayi ake a Sellina, Mayi Esnath, anatera ndithu mu Birmingham, koma sanatuluke pachipata. Ankabwera kudzasambitsa mdzukulu wawo woyamba, mwana yemwe Sellina anamudikira zaka zambiri mpaka anthu kutchalitchi anasiya kufunsa. Pansi pa zitenje m'sutikesi mwawo munali phukusi lokulunga m'pulasitiki yakuda. Anawapatsa ndi Wallace, mkulu wake wa Frackson wogulitsa nsomba ku Beira, yemwe anachita kuwalondola ku Blantyre atamva za ulendo. Kwathu munthu wopita kunja sakana phukusi, ndipo kumasula la mwini n'kupanda ulemu. Mayiwo anangolilandira ndi manja awiri.

M'phukusimo munali zipsepse zouma za nsomba yaikulu ija yotchedwa shaki, zomwe dziko lino linaletsa kulowetsa. Zinkapita kwa munthu wina wophika supu yodula ya pamaukwati. Atafunsidwa, mayiwo anati ndi zawo, ndiwo chabe. Atafunsidwanso anasintha mawu, kenaka anayamba kulira. Akuluakulu a pachipata anaona kuti nkhani sikugwirizana, ndipo viza inathera pomwepo. Sellina anangololedwa kulankhula nawo pafoni, khoma limodzi lokha lili pakati pawo.

"Anawauza ndani kuti akanene kuti ndi zawo?" anafunsa Sellina.

Anayankha ndi Anastasia, pakuti mlongo salephera kuyikira kumbuyo mchimwene wake ngakhale atamupeza mbuzi ili paphewa.

"Alamu, chakudza sichiimba ng'oma. Komanso ndi nsomba chabe izi. Anthu awa amangokokomeza ma rules."

"Ndikufunsa amuna anga."

Apa Frackson anadzutsa mutu. "Dzana lomweli zinkaloledwa, Sellina. Munthu ankanyamula m'chikwama, no problem. Eni dziko lino anasesa nyanja zawo ndi masitima akuluakulu, lero akuphunzitsa chifundo msodzi wa kabwato ku Beira. Amene anapanga lamuloli anagonapo ndi njala? Ana a achimwene adye chiyani? Shaki ndi m'bale wa ndani?"

Zina mwa zomwe ankanenazo zinali zoona, ndipo Sellina ankadziwa. Ana a Wallace ankawadziwa mayina, ankawatumiziranso nsapato. Koma ankadziwanso zomwe anaona pa TV, asodzi akudula zipsepse nsomba ili moyo, n'kuiponyanso m'madzi kuti izimira yokha. Tsiku limenelo Frackson anali pambali pake, ndipo anasintha tchanelo.

"Ngati lamulolo ndi loipa, kakanganeni nawo eni ake," anatero Sellina. "Koma chaka chatha munapita kumudzi. Bwanji simunanyamule inuyo?"

"Ine ndikanataya ntchito. Mapepala athu…"

"Ndiye munkadziwa."

Frackson anapukuta thukuta pamphumi ngakhale kunja kunkazizira. "Ndinaganiza kuti munthu wachikulire samufufuza kwenikweni."

Mawu amenewo anamulasa Sellina kuposa zonse za tsikulo. Anakumbukira momwe mwamuna wake anakondwerera ndi ulendowu, momwe anathamangira kukagula tikiti, momwe ankaimbira foni apongozi ake mobwerezabwereza. Iye ankayesa chikondi, mpaka anakadzitama kwa manesi anzake kuwodi kuti Mulungu anamupatsa mwamuna. Misozi inatsika, ndipo sanaipukute.

"Mayi anga anali asanakwerepo ndege," anatero. "Asokera mwana uyu zipewa, chikhalirecho maso awo saona bwino. Inu munawayang'ana n'kuona chikwama."

Frackson anagwada pakapeti. "Ndalakwa, mkazi wanga. Tichita apply kachiwiri. Ndipeza loya."

"Mwana adikira loya wanuyo? Adzamusambitsa ndani? Wallace?"

"Alamu, za m'banja zimathera m'nyumba," anatero Anastasia. "Musatichititse manyazi kutchalitchi. Ine ndilipo, ndidzakusamalani."

"Inunso munkadziwa?"

Anastasia anayang'ana mandasi ake.

Sellina anadzuka movutikira. Anapinda bulangete lija, nazimitsa hita. Kuchipinda kwawo anatenga chikwama chomwe analongedza kale chodikira tsiku la kuchipatala, naimbira Felista, nesi mnzake wa ku Erdington, kuti adzamutenge. Frackson ankamutsatira akulira ngati mwana, akugwira chikwama, iye akuchotsa dzanjalo mosakalipa. Mtima wake unali utasweka, ndipo chowawa kwambiri n'chakuti munthuyo ankamukondabe.

Galimoto itaima panja, Frackson anatsekereza pakhomo.

"Ingondiuzani chimodzi. Amayi anditchula kwa anthu aja?"

"Ayi. Mpaka mapeto sanakutchuleni."

Anaona mapewa a mwamuna wake akutsika ndi mpumulo, ndipo kachiyembekezo komwe kanatsala mumtima mwake kanazima.

"Koma anandipatsa uthenga wanu," anatero Sellina. "Akuti, 'Ukandipepesere kwa akamwini, ndawatayitsa katundu.'"

Anatuluka atakumbatira bulangete la mayi ake, chitseko n'kumenyeka kumbuyo kwake.