Lamba Wofiira wa Kamtima

Anakumana pa siteji ya basi mvula ikugwa. Mtsikanayo ankamanga tsitsi pa saluni, ndipo anzake ankamutchula Kamaso. Mwamunayo anali dalaivala wa lole yoperekera zakumwa m'magolosale.

"Achemwali, lowani m'ambulera muno. Shuga sayenera kunyowa," anatero dalaivalayo.

Kamaso anaseka, ndipo chikondi chinayambira pomwepo.

Patapita miyezi ingapo, dalaivala anafika kwa Kamaso atanyamula katoni. M'katimo munali kamwana kagalu kabulauni, khutu limodzi logwa.

"Ndakugulira, switi wanga. Kazikulondera mpaka tsiku lomwe ndidzakutenge kuti ukhale mayi wa kunyumba."

Kamaso anakatcha Kamtima, nakagulira lamba wofiira wa m'khosi ndi chingwe. Koma ntchito inalipo! Atangokamanga lambayo, kanadzigwetsa chagada n'kumalira ngati kakuphedwa.

"Wayamba kale kulera ukwati usanachitike?" anamuseka anzake ku saluni.

Iye sanatope. Ankakaveka lambayo pa nthawi ya chakudya yokha, n'kusiya mpata wolowa zala ziwiri kuti kasatsamwe. Kenako ankakasiya kazikoka chingwecho pansi m'chipinda. Kakayenda pambali pake osaluma chingwe, ankakapatsa kanyama.

"Lero kafika pa geti osavuta!" analemba pa foni.

"Ndiwe mayi weniweni, mfumukazi yanga," anayankha dalaivala. "Koma usapite nako kutali, magalimoto achuluka. Ndimakukonda mpaka imfa."

Loweruka lina Kamaso anafuna kumudabwitsa. Anatchena, natenga Kamtima ulendo wa kumene loleyo inkapakira katundu. Kagaluko kankayenda monyadira, anthu n'kumacheuka.

Akudutsa pa golosale ina, kamtsikana kena kanakuwa. "Bisiketi! Amayi, Bisiketi uyo!"

Kagalu kaja kanakoka chingwe mwamphamvu, mchira uli pukupuku, n'kudumphira mwanayo.

"Achemwali, galuyu mwamutenga kuti?" anafunsa mayi ake a mwanayo. "Anasowa kwathu mwezi watha. Mwanayu wakhala akulira, kudya komwe osafuna."

Anthu anayamba kuunjikana. "Kutchena konseku, kumaba agalu?" anatero wina.

"Sindinabe, amayi! Anandigulira ndi chibwenzi changa. Onani!" Kamaso anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi cha dalaivala atakumbatira kagaluko.

Mayiyo anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Awa ndi amuna anga, bambo a mwanayu. Anatiuza kuti galu watulukira pa geti. Ankafunafuna nafe limodzi."

Kamaso anayang'ananso chithunzicho. Mwamuna wapabanja? Wobera mwana wake yemwe kuti akasangalatse chibwenzi? Ndipo iye anakhala akudzitama ku saluni konse! Analakalaka nthaka itang'ambika.

"Sindinkadziwa, amayi. Ndithu sindinkadziwa," ananong'ona misozi ili mbwembwembwe.

Anagwada n'kuika chingwe m'dzanja la mwanayo. "Usamakoke kwambiri, kamaopa. Ukaima, nakonso kamaima."

"Amayi, ndiye kuti adadi anamupeza?" anafunsa mwanayo mokondwa.

 Mayiyo sanatukwane, sanakweze dzanja. Kwa Kamaso bola akanamumenya mbama.

"Thokoza anti, tizipita," anatero mayiyo.

"Zikomo anti! Mwamuphunzitsa bwino Bisiketi wanga."

Kamaso analephera kudzutsa nkhope. Anakhalabe chogwada pakati pa anthuwo mpaka mayi, mwana ndi kagalu atakhota pa kona.