Waya Umene Ndinadula

Ine amanditcha Injiniya. Dzinali ndinadzipatsa ndekha nditasiya sukulu mu Fomu 2, ndipo linakhazikika chifukwa wondiitana lina sindinkamuyankha. Aphunzitsi ankati ndine waulesi. Ine ndinkati iwowo ndi amene akuchedwa, mutu wanga unali utafika kale kumene akupitako.

Kwathu kunali kwabwino, apa sindinganame. Bambo anayendetsa galimoto za kampani zaka makumi atatu osaswa ngakhale kalilole, mpaka maso awo anachita chifunga, adokotala n'kuwauza kuti chiwongolero basi. Amayi ndi telala, amasoka mayunifolomu a sukulu m'chipinda chakumbuyo. Achemwali ndi namwino. Madzulo tinkapemphera tonse pabalaza, ine ndikuwodzera mwaulemu.

Maso atapita, bambo anayamba kuona ndi makutu. Galimoto ikamadutsa kuseri kwa mpanda ankanena kuti ndi ya ndani, ndiponso kuti lamba wa injini watsala pang'ono kuduka. Pabwalo ankayenda okha, opanda ndodo, akungomvetsera.

Tsiku lina anandiitana.

"Iwe, mayi akowa atopa kunyamula mabelo a nsalu pamutu, ndipo ine kuchipatala ndi mwezi uliwonse. Tigula kagalimoto kakang'ono ka m'tauni, kotsegula chitseko kumbuyo. Ka haibulidi, timeneti toyendera batire ndi petulo, kuti tikaima pamzere wa magalimoto kasamamwe mafuta. Wa layisensi pakhomo pano ndiwe wekha. Ukhala maso anga."

"Ababa, mwafika pa mwini wake," ndinatero.

Kumalo ogulitsira magalimoto tinapeza tiwiri totiyenera, mtengo wofanana. Koyera kanali kotakata kumbuyo, mipando yake yogona bwinobwino ukaipinda, mpando wakutsogolo wokwera, wosavutitsa mawondo a munthu wamkulu. Kakamayenda pang'onopang'ono kankang'ung'udza ngati firiji, ndipo ukaika livesi kankakuwa kuti pii, pii, mpaka agalu a m'mipanda ina kuyankha. Kofiira kanali kafupi, malimu a matayala owala, magalasi akuda, sikirini pakati ngati wayilesi ya kanema. Ukakaliza, zii. Ukakayendetsa pa batire, zii.

Wotionetsa anali Makiyi, mnzanga amene tinasiyira limodzi sukulu. Anandikokera pambali.

"Aise, koyerako ndi ka abusa opuma ntchito. Ukakwera ako atsikana azikupatsa moni wa manja awiri. Koma kofiiraka, amwene, ndi mphaka. Ungatuluke pageti madala ali pakhonde pomwepo osadziwa."

Mawu omalizawo anandilowa mpaka m'mafupa.

Bambo anali akupapasa koyera kaja, akutsegula zitseko ndi kutseka, khutu lili tcheru.

"Aka kali bwino," anatero. "Kakulankhula."

"Ababa, batire lake latopa. Ndayeza."

"Wayeza ndi chiyani?"

"Pali mayezedwe ake a masiku ano."

Sindinayeze kalikonse. Batirelo sindinkadziwa n'komwe kuti limakhala pansi pa mpando kapena kuti.

"Nanga mabelo anga alowa mu kofiirako?" anafunsa amayi.

"Amayi, alowa n'kutsala malo a mbuzi."

Bambo anaika dzanja padenga la kofiira kaja.

"Galimoto yosamveka ndimaiopa," anatero. "Zaka zonse zija anthu ankandithawa mumsewu chifukwa ankandimva. Koma maso ndi ako. Tikatenge, pokhapokha aikemo cholira pa livesi. Popanda chimenecho kasalowe pageti panga."

Wazamagetsi anaika kachipangizoko tsiku lomwelo, kawaya kake kakudutsa pansi pa kapeti kumbuyo.

Mabelo sanalowe. Ulendo umodzi unasanduka awiri. Bambo pokwera ankachita kugwa mumpando ngati thumba, potsika tinkachita kuwazula. Sanadandaule. Anangondipatsa lamulo limodzi la madalaivala akale: pakhomo galimoto imalowa cha livesi, kuti pakagwa matenda izituluka yoyang'ana kumsewu.

Lachitatu lililonse masana bambo ankagona atamwa mankhwala, ndipo makina a amayi ankalira osapuma. Mahinjesi a geti ndinawathira oilo. Lachitatu lina ndinatuluka ngati mphepo. Kumalo omwera mowa Makiyi anandilandira ataimirira.

"Bwana afika! Apatseni mpando, ali ndi galimoto yawoyawo awa!"

Ndinali ndisanamwepo mowa woposa botolo limodzi. Tsikulo ndinamwa atatu, kuti ulemu wa galimoto usagwe. Pobwerera ndinaika livesi pageti. Pii, pii, pii. Ndinapeza bambo ataima pakhonde.

"Potuluka sindinakumve, koma polowa ndakumva. Unali kuti?"

"Ndimakayesa mabuleki."

"Mabuleki ake akununkha chonchi? Tamvera, mwana wanga. Chiwongolero ndi botolo sizigwiridwa ndi dzanja limodzi. Ndaika m'manda anzanga asanu amene ankati amayendetsa bwino akalawa. Onsewo ankandiposa luso."

"Sindidzabwerezanso, ababa."

Ndinakamuuza Makiyi. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Ndiye Injiniya wake uti wogonja ndi kawaya? Kapolisi kameneko kali ndi khosi limodzi lokha, aise. Pulayasi ulibe?"

Apa ndiye ndinaonetsa ukatswiri. Waya uja ndinaudula, nsonga zake n'kuzisenda bwinobwino. Ndikakhala pa ulendo wa amayi kapena wa kuchipatala, ndinkazipota ndi zala, galimoto n'kumalira ngati mwana womvera. Lachitatu ndinkazimasula. Ndinadziwomberera m'manja ndekha m'galimotomo. A Fomu 4 angaganize zimenezi?

Lachitatu linabereka Lachisanu. Mabotolo atatu anakhala asanu ndi limodzi. Mayunifolomu a sukulu ina anafika mochedwa sabata yathunthu, ndipo amayi anakapepesa okha, wapansi. Achemwali anandipeza ndikutafuna timaswiti tonunkhira kuseri kwa nyumba.

"Iwe, ine odwala ako ndimawaona tsiku lililonse," anatero. "Amabwera pa machira, ena ndi anthu amene awagunda. Ndiwauza bambo."

"Achemwali, inu dziwani za jakisoni. Za galimoto musiyire eni ake."

Anawauzadi. Bambo anandilanda kiyi n'kumagona naye m'thumba la malaya. Sankadziwa kuti galimoto zimenezi zimabwera ndi makiyi awiri, ndipo winayo Makiyi anandipatsa pambali tsiku logula lija.

Linali Lachitatu, dzuwa likuswa mtengo. Ndinasiya geti lotsegula kuti ndisavutike pobwera. Ndinamwa kuposa masiku onse, chifukwa kunali mtsikana wina wogulitsa mafoni amene ndinamuuza kuti galimotoyo ndinaitanitsa ndekha kunja. Pofika pakhomo ndinakhotetsa mwaluso, n'kuika livesi. Sikirini ija inkaonetsa za kumbuyo, inde, koma ine sindinaiyang'ane. Kalilole wa m'kati ndinali nditamutembenuzira kunkhope kwanga, ndikuona ngati maso afiira.

Galimoto inabwerera mwakachetechete. Ndinkamva makina a amayi okha.

Kenako inagunda chinthu. Ndinaganiza kuti ndi chidebe. Pofuna kuponda buleki phazi linapita pa moto, injini n'kudzuka, galimoto n'kudumpha, n'kukaima pa chipilala cha geti.

Makina a amayi anasiya kulira.

Bambo anali pakati pa bampala ndi chipilala. Anali atanjuta pamenepo, akuchotsa mchenga ndi zala m'kabowo kolowa chitsulo chotsekera geti. Sanakuwe. Amene anakuwa ndi amayi, ndipo kukuwa kumeneko sikunachokebe m'makutu mwanga.

Kuchipatala anatitengera a neba, pa galimoto yawo ya lamba wotha ija. Amene anatilandira pakhomo la odwala mwadzidzidzi anali achemwali, ali pa ntchito. Anayang'ana machira, anayang'ana ine.

Mwendo wakumanja anaudula pamwamba pa bondo. Wakumanzere ulipo, koma sugwira ntchito. Apolisi anandipumitsa m'kachipangizo kawo koyezera mowa, ndipo ndi mayeso okhawo pa moyo wanga amene ndinapeza malikisi apamwamba. Layisensi inapita. Ndinakhala m'ndende miyezi isanu ndi inayi. Makiyi sanabwere ngakhale tsiku limodzi, ndinangomva kuti ankauza anthu kuti iye anandilangiza koyera.

Nditatuluka ndinapeza bambo pakhonde, ali pa njinga ya olumala. Ndinagwada.

"Ndi iweyo?" anatero. "Sindinakumve."

"Ndine, ababa."

"Tsiku lija ndinadziwa kuti watuluka. Ndinadzuka, ndinapapasa pamalo pake, panalibe galimoto. Ndinati ndimudikire pageti, tikambirane ngati amuna, mayi ake asamve. Sindinaope kukhala pamenepo. Ndinati akamabwera ndimumva. Apolisi anati waya unali woduka. Ndikufuna ndimve kwa iwe. Unaduka wokha?"

Bodza linalipo, lokonzeka, labwino ndithu: makoswe, mabelo okhula kapeti. Ndinalimeza.

"Ndinadula ndine. Ndi pulayasi yanu."

"Nanga batire la koyera kaja?"

"Linalibe vuto. Sindinayeze."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndinakupatsa maso anga," anatero. "Chabwino. Ndilowetse m'nyumba, kwayamba kuzizira."

Mawu oti ndakukhululukira sananene, ndipo mpaka lero sindinawamve. Kofiira kaja kanagulitsidwa. Amayi anabwerera ku mabelo a pamutu, tsopano ndimawasenza ndine. Mowa sindinaulawenso. Bambo sayendanso pabwalo, ndipo chinthu chikawayandikira mwakachetechete amadzidzimuka thupi lonse. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndikamalowa m'chipinda ndizitsokomola.

Abusa anandiuza kuti ndilembe izi kuti achinyamata a kutchalitchi awerenge, ndiye mverani. Musanamize munthu amene wakukhulupirirani kuti mumuonere. Musagwire chiwongolero mutamwa, ngakhale botolo limodzi. Ndipo chinthu chilichonse chimene chimakuululani mukamalakwa, kaya ndi kawaya, kaya ndi mlongo wanu, kaya ndi mtima wanu womwe, musachidule. Ine ndinadula kuti ndisagwidwe, ndipo amene analipira ndi munthu amene ankandidikira pageti.

Panopa ndimayendetsabe. Njinga ya bambo ili ndi matayala anayi, ndipo kuchipatala konse kulibe woikhotetsa bwino kuposa ine, mukafunse. Pakhomo timalowa cha livesi, monga mwa lamulo lawo. Ndikayamba kubwerera m'mbuyo ndimanena ndi pakamwa kuti pii, pii, pii. Anthu pamzere wa mankhwala amaseka. Bambo saseka. Ndikaiwala, amagwira matayala ndi manja onse awiri, ndipo sitisuntha mpaka nditalira.